Chokhudza Khungu la Khanda

Dedza ndi dera lozizira. Tauni yake ili pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene palekezera nyanja yamchere, ndipo phiri limene limaiyang'anira limapitirira mamita 2,000. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene nkhungu imakuta mitengo ya paini ya ku Chongoni ndipo ogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu amakhala atadzikulunga m'zitenje, munthu wamkulu amadziwa chochita: amasonkha moto, amamwa tiyi, amafunda bulangete. Khanda lobadwa masiku asanakwane lilibe nzeru zotere, ndiponso thupi lake silinakonzeke. Mafuta a pansi pa khungu lake ndi ochepa, kunjenjemera kumene kumatenthetsa akuluakulu silikutha, ndipo kutentha kumathawa m'kathupi kake ngati madzi otungira m'dengu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati thupi la khanda liyenera kutentha pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Kutenthako kukatsika, khandalo limafooka, limaleka kuyamwa, limavutika kupuma, ndipo likhoza kumwalira mwakachetechete, osalira n'komwe.

Makanda otere si owerengeka muno m'Malawi. Lipoti la Born Too Soon limene linatuluka m'chaka cha 2012 linaika dziko lino patsogolo pa mayiko onse, ponena kuti ana 18 mwa ana 100 alionse ankabadwa masiku asanakwane. Anamwino, monga aliyense adziwa, ndi ochepa. Namwino wogwira ntchito usiku m'chipinda cha makanda sangathe kuyeza mwana aliyense ola lililonse, pamene wina akufuna kumwetsedwa mkaka, wina jakisoni, ndipo kuchipinda chochirira kwabadwa winanso. Pachifukwa ichi akatswiri anapanga tizipangizo tamagetsi tovala pathupi: kena kamangiriridwa pamimba kuti kaziyeza kutentha, kena pamwendo kapena pachala kuti kaziyeza mpweya wa okosijeni m'magazi, kena pachifuwa kuti kazimva kugunda kwa mtima. Zinthu zikasokonekera, kachipangizoko kamalira, namwino n'kuthamangirako.

Zipangizozi zayamikiridwa kwambiri m'manyuzi ndi pawailesi, ndipo zikuyenera kuyamikiridwa. Koma kayamikiridwe kake kali ndi chilema. Olemba nkhani amatengeka ndi manambala owala pagalasi, mabelu, batire lokhalitsa ndi mtengo wotsika, naiwala mbali imene imakumana ndi mwana mwiniyo. Khanda silidziwa za galasi. Chimene limadziwa ndi lamba amene walizinga pamimba, guluu amene wamata pakhungu lake, ndi timapaipi timene tili m'mphuno mwake usana ndi usiku. Zinthu zopangira mbali zimenezi, zimene ziyenera kukhala pathupi kapena m'thupi popanda kulipweteka, akatswiri amazitchula kuti biomaterials, ndipo chipangizo chovala chiyenera kuweruzidwa poyambira pa izo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nyerere za makina ovala zimakhala kunsi, kumene makinawo akhudzana ndi khungu.

Khungu la munthu wamkulu lili ndi chikuto chakunja cholimba, chosanjikizana magawo khumi kapena makumi awiri, chimene chimatsekereza madzi kuti asatuluke ndi tizilombo kuti tisalowe. Khanda lobadwa miyezi isanu ndi iwiri isanakwane limakhala ndi magawo awiri kapena atatu okha. Pulasitala wamba amene munthu wamkulu amamumatula n'kungotsinzina pang'ono, pakhanda lotere amachoka ndi khungu lomwe, n'kusiya chilonda. Chilondacho ndi khomo la matenda, ndipo matenda olowa m'magazi ndi amodzi mwa amene amapha makanda kwambiri. Choncho chipangizo chimene chimayeza bwino koma chimafuna kumatidwa ndi kumatulidwa tsiku lililonse chimapatsa ndi dzanja lamanja, n'kulanda ndi lamanzere.

Vutoli silisankha osauka. M'chaka cha 2014 kampani ya Fitbit ya ku America inaitanitsa mawotchi ake oposa miliyoni imodzi a mtundu wa Force, amene anthu ankavala kuti aziwerenga mayendedwe awo, chifukwa ambiri anatuluka zidzolo ndi matuza pamkono. Anaganiziridwa kuti ndiwo anayambitsa zimenezi anali guluu wa m'wotchiyo ndi chitsulo cha nickel. Ovalawo anali anthu akuluakulu, athanzi, otha kuvula wotchi ikayamba kuyabwa. Khanda silingavule kanthu. N'chifukwa chake pali malamulo a mayiko onse otchedwa ISO 10993, amene amafuna kuti chinthu chilichonse chokhala pathupi la wodwala chiyesedwe kaye ngati sichipha tizigawo ta thupi, sichiotcha khungu ndiponso sichiyambitsa ziwengo. Labala wochokera kumitengo, wonga amene amakololedwa ku Vizara m'boma la Nkhata Bay, ndi wotanuka bwino, koma matupi ena amadana naye. Silikoni, amene chiyambi chake ndi mchenga, ndi wofewa, sayabwa anthu ambiri, ndipo amapirira kutsukidwa. N'chifukwa chake opanga zipangizo za makanda amamukonda ngakhale mtengo wake uli wokwererapo.

Poyeza ndi muyeso umenewu, chipangizo chimodzi chimene chinayesedwa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chikuoneka kuti chinaganiziridwa bwino. Ichi ndi choyezera kutentha kwa khanda kosalekeza chimene chimadziwika ndi dzina loti Celsi Monitor, chopangidwa ndi akatswiri a ku Rice University ku Houston, m'dziko la America, mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a kuno. Kamutu kake koyezera sikamatidwa ndi guluu. Kamagwidwa ndi lamba wofewa wozungulira pamimba, ndipo lambayo amatsukidwa n'kugwiritsidwanso ntchito pa mwana wina. Nzeru yake ndi iwiri: khungu silisupuka, ndipo chipatala sichidikira katoni ya timapepala tomata tochokera kunja mwezi ndi mwezi. Komabe lamba ali ndi mavuto akeake. Khanda limapuma ndi mimba, kotero lamba wothina amalipanikiza. Lamba wolobodoka naye amalola kamutu kaja kutalikirana ndi khungu, n'kuyamba kuyeza mphepo ya m'chipinda m'malo mwa mwana. M'chipinda chozizira cha ku Dedza mwezi wa Julayi, kamutu kotero kadzalira kuti mwana wazizidwa pamene ali bwinobwino. Ndipo belu lonama likalira kangapo, makutu a namwino amalizolowera, tsiku lolira zoona n'kulinyozera. Ubwino wa makina onsewo wagona pa kutanuka kwa kachingwe kamodzi, ndi pa dzanja limene lakamanga.

Pa makina onse a ana amene anabadwira m'mgwirizano wa Rice ndi Queen Elizabeth, otchuka kwambiri ndi Pumani. Awa si oyezera koma othandiza kupuma, ndipo mtundu wake umatchedwa CPAP. Mapapo a khanda losakhwima amafwamphuka nthawi iliyonse likatulutsa mpweya, ndipo kuwafufumitsanso ndi ntchito yotopetsa imene imalimaliza mphamvu. Pumani amapopera mpweya wosakaniza ndi okosijeni m'mphuno mosadukiza kuti mapapowo akhale otseguka, ndipo mphamvu ya mpweyawo imaikidwa ndi kuya kwa madzi a m'botolo. Ophunzira amene anapanga makina oyamba anagwiritsa ntchito mapampu a m'matanki oweteramo nsomba zokongoletsa nyumba, zimene zinatsitsa mtengo kwambiri poyerekeza ndi makina a m'zipatala za kunja. Zotsatira za kafukufuku zimene Dr Kondwani Kawaza ndi anzake anafalitsa m'chaka cha 2014 zinaonetsa kuti makanda 71 mwa 100 alionse oikidwa pa makinawa anakhala ndi moyo, pamene mwa olandira okosijeni wamba anapulumuka 44 okha. Kuchokera apo Unduna wa Zaumoyo unawafalitsa m'zipatala zazikulu ndi za m'maboma. Palibe munthu wanzeru angapeputse ntchito yotere.

Koma amene anaonapo khanda lili pa CPAP amadziwa pamene pagona nkhondo. Si pa pampu ayi, ndi pamphuno. Timapaipi tiwiri tolowa m'mphuno tiyenera kukhala tamlingo wa mphuno yomweyo. Tikachepa, mpweya umathawira m'mbali ndipo mapapo salandira kanthu. Tikakula kapena tikaumirira, timadya kachichereche ka pakati pa mphuno mpaka chilonda, mwina mpaka chilema cha moyo wonse. Mpweya wouma umaumitsanso m'mphuno, kotero namwino ayenera kudonthezamo madzi amchere nthawi ndi nthawi. Ndipo chimene chimagwira mapaipi onsewo kuti asasunthe si china koma kachipewa kotanuka kovekedwa kumutu. Kachipewa kakatha mphamvu chifukwa chochapidwachapidwa, mapaipi amapendekeka, ndipo makina a ndalama zambiri amangophulika thovu m'botolo popanda phindu. N'zodabwitsa kuti pa zithunzi zonse zojambulidwa pamiyambo yolandira makina, kachipewa sikaoneka pathebulo.

Palinso china chimene kafukufuku wa m'zipatala za m'maboma, wofalitsidwa m'chaka cha 2019, anaulula, ndipo chikukhudza Dedza mwachindunji. Makanda ambiri oikidwa pa CPAP ankapezeka ali ozizidwa, ndipo ozizidwawo sankapulumuka monga anzawo ofunda. Makina opumira, ngakhale akhale abwino chotani, sangagwire ntchito ya bulangete. Phunziro limeneli ndi limodzi mwa amene ali pansi pa ntchito ya NEST360, mgwirizano umene umapereka zipangizo za makanda monga gulu limodzi, zofunditsa, zopumira ndi zoyezera pamodzi, n'kuphunzitsanso anamwino ndi amisiri ozikonza.

Chipangizo choyenera kudzudzulidwa kolimba ndi chimene chimaoneka chosalakwa kuposa zonse: kachipangizo kopanira chala kotchedwa pulse oximeter. Mfundo yake anaitulukira ndi Takuo Aoyagi, injiniya wa ku Japan, m'zaka za m'ma 1970. Kamawalitsa kuwala kwa mitundu iwiri kupyola m'chala kapena m'phazi, kwina kofiira, kwina kosaoneka ndi maso. Magazi odzaza okosijeni ndi magazi operewera okosijeni amamwa kuwalaku mosiyana, ndipo kachipangizoko kamawerengera kusiyanako n'kuonetsa nambala. Mwana wodwala chibayo nambala yake ikatsika kupyola 90, ayenera kutumizidwa kuchipatala chachikulu kuti akalandire okosijeni. Kafukufuku amene anachitika m'maboma a Lilongwe ndi Mchinji, pogwiritsa ntchito tizipangizo ta bungwe la Lifebox, anaonetsa kuti azaumoyo a m'zipatala zazing'ono ndi a m'midzi amatha kupeza nako ana odwala kwambiri amene maso okha akanawaphonya. Mpaka apa zonse ndi zokoma.

Tsono kuwala kuja kusanafike kumagazi kumadutsa pakhungu, ndipo khungu lakuda limamwako kuwala. M'chaka cha 2020 Michael Sjoding ndi anzake a ku University of Michigan anayerekeza manambala a kachipangizoka ndi magazi enieni otengedwa mumtsempha. Anapeza kuti pa nthawi zimene kachipangizo kanasonyeza kuti zinthu zili bwino, pakati pa 92 ndi 96, odwala akuda anali operewera okosijeni moopsa pafupifupi ka 12 mwa ka 100 kalikonse, pamene kwa azungu zinali choncho osakwana ka 4. Kunena kwina, kachipangizoka kamanama katatu kuposa pa munthu wakuda, ndipo bodza lake ndi loipitsitsa, chifukwa ndi bodza lotonthoza. Gwero la vutoli silobisika. Malangizo a bungwe la FDA la ku America a m'chaka cha 2013 ankangofuna kuti mwa anthu oyeserapo kachipangizo katsopano mukhale akhungu lakuda awiri, kapena 15 mwa 100 alionse. Mpaka mu Januwale 2025 ndi pamene bungwelo linatulutsa maganizo atsopano ofuna anthu osachepera 150 a makungu osiyanasiyana. Kwa zaka makumi angapo, khungu la anthu a mu Africa linali ngati mlendo wosaitanidwa pa kuyesa chipangizo chimene lidzavale.

Ku Dedza chinyengo chimenechi chimakumana ndi zinzake ziwiri. Chala kapena phazi lozizira limalandira magazi ochepa, ndipo kachipangizo kamavutika kupeza kugunda kwa mtima, mwina n'kuonetsa nambala yosadalirika. Ndiponso chopanira chopangira chala cha munthu wamkulu sichikwana pa kaphazi ka khanda. Chimalowetsa kuwala kwa dzuwa kapena kwa getsi m'mbali, n'kusokoneza muyeso. Pamenepa mlandu suli pa waya kapena pa batire. Uli pa maonekedwe ndi kufewa kwa chinthu chimene chakumbatira phazilo. Izi sizitanthauza kuti kachipangizoka katayidwe, pakuti kukhala nako n'kwabwino kuposa kusowa. Koma namwino woona mwana akubanika, nthiti zikulowa m'kati, pamene galasi likuti 93, ali ndi chifukwa chokwanira chokhulupirira maso ake.

Ena amati dziko losauka lisasankhe, lingolandira chimene lapatsidwa. Mawu amenewa amamveka odzichepetsa, koma zotsatira zake zimaoneka kuseri kwa zipatala, kumene makina akufa amaunjikidwa. M'chaka cha 2011 Lora Perry ndi Robert Malkin a ku Duke University anawerengetsa zipangizo zoposa 100,000 za m'zipatala za mayiko 16 osauka, napeza kuti pafupifupi 38 mwa 100 zilizonse sizinkagwira ntchito. Kawirikawiri chimene chimapha makina si chachikulu. Ndi chingwe choduka, chopanira chosweka, kapena timapepala tomata timene tinatha ndipo palibe wogulitsa m'dziko muno. Walira mvula walira matope: wolandira makina walandiranso ngongole ya tinthu tonse timene makinawo amadya. Pali kusiyananso pakati pa chinthu chopangidwa kuti chigwiritsidwe ntchito kamodzi n'kutayidwa, monga zimakhalira ku Ulaya, ndi moyo weniweni wa chinthucho chikafika kuno, kumene chidzaviikidwa m'madzi a klorini kambirimbiri. Klorini amapha tizilombo, komanso amaumitsa labala ndi mapulasitiki ena mpaka kung'aluka, ndipo m'ming'alumo tizilombo timabisala. Paipi yofewa tsiku loyamba ikhoza kukhala ngati bango pakatha miyezi itatu. Wopanga chipangizo amene sanafunse kuti chidzatsukidwa ndi chiyani, kangati, sanamalize ntchito yake.

Kutsogolo kukuoneka zodabwitsa zina. M'chaka cha 2019 gulu la John Rogers la ku Northwestern University linaonetsa tizipangizo topyapyala ta silikoni topanda waya, kena kapachifuwa, kena kapaphazi, timene timakhala pakhungu la khanda mofewa n'kumatumiza manambala kufoni kapena kukompyuta. Tina tofanana nato tinayesedwa pa amayi oyembekezera ku Zambia. Luso lake ndi logometsa. Koma mafunso a ku Dedza ndi omwe aja: kodi zomatira zake zikatha zidzachokera kuti, ndipo batire lake lidzatchajidwa bwanji usiku wa mdima?

Ubwino waukulu wa tizipangizo topanda waya, umene otamanda ambiri amaudumpha, ndi woti timalola mwana kukhala pachifuwa cha mayi wake. Njira ya kangaru, imene Dr Edgar Rey anaiyambitsa ku Bogotá m'dziko la Colombia m'chaka cha 1978 chifukwa cha kuchepa kwa makina ofunditsira ana, inafika pachipatala chachikulu cha Zomba m'chaka cha 1999. Khanda limagonekedwa pakati pa mabere, khungu kukhudzana ndi khungu, litavala chipewa ndi thewera lokha, n'kumangidwa ndi chitenje. Chifuwa cha mayi chimatentha pamlingo woyenera usana ndi usiku, sichifuna magetsi, ndipo sichinayambe chatulutsapo mwana matuza. Kafukufuku wamkulu wa WHO amene anachitika m'mayiko asanu, Malawi, Ghana, India, Nigeria ndi Tanzania, n'kufalitsidwa m'chaka cha 2021, anayesa kuyamba kangaru mwana atangobadwa, ngakhale akadali wodwala, m'malo modikira kuti achire kaye. Pakati pa makanda olemera kuyambira kilogalamu imodzi mpaka pafupifupi 1.8, imfa zinachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo m'chaka cha 2022 WHO inasintha malangizo ake motsatira zimenezi. Apa ndiye pali muyeso wachiwiri wa chipangizo chovala. Ngati waya wake ndi wamfupi kotero kuti mwana ayenera kukhala yekha m'kabedi kuti ayezedwe, chipangizocho chikumuchotsa pa mankhwala amphamvu kuti chizingolengeza kudwala kwake. Chopangidwa bwino ndi chimene chimalowa pansi pa chitenje, osabaya mayi, osaterereka ndi thukuta, osasokonezeka ndi kutentha kwa thupi lachiwiri.

Mbali zimenezi, lamba, chipewa, chopanira ndi paipi, ndi zimenenso dziko lino lingathe kuzigwira ndi manja ake. Kupanga tizitsulo ta m'kati mwa makina kumafuna mafakitale amene kuno kulibe, koma kuumba silikoni, kusoka ndi kuyesa nsalu n'kotheka. Sukulu ya Polytechnic, imene kuyambira m'chaka cha 2021 imatchedwa MUBAS, ili ndi chipinda chimene ophunzira amapangiramo ndi kukonzeramo zipangizo za m'chipatala, ndipo uinjiniya wa zipangizo zoterezi umaphunzitsidwanso ku MUST m'boma la Thyolo. Chosowa ndi ulemu wa ntchitoyo, pakuti wophunzira wopanga chinthu cholira ndi chowala amaomberedwa m'manja, pamene woyesa malamba khumi m'ndowa ya klorini amaoneka ngati wochapa.

Malo oyeserako nawo ndi ofunika kuwaganizira. Zambiri mwa zipangizo zatchulidwazi zinayesedwa koyamba pa Queen Elizabeth, chipatala chophunzitsirapo madokotala, chokhala ndi akatswiri a ana ndi amisiri pafupi, mumzinda wofundirapo. Ambiri mwa makanda a dziko lino amabadwira kutali ndi zimenezo. Lamba amene wakhoza mayeso ku Blantyre akadali ndi mayeso ena ku Dedza ndi ku Ntcheu: avekedwe m'bandakucha wa Julayi ndi namwino amene zala zake zauma ndi chisanu, pamimba pa khanda lofika kuchokera kuchipatala chaching'ono cha kumapiri litakulungidwa m'zitenje zonyowa, lambayo atatsukidwa kale ka 100, ndipo pakatha masiku atatu wina amasule n'kuyang'ana khungu la pansi pake.